Anagula Dothi la Pansi pa Nyumba Yathu

Inu owerenga, akuti munapita kusukulu mpaka nsapato kung'ambika. Tamasulirani ndagi iyi tione: chipewa ndi changa, mutu ndi wa mwini. Mwini mutu akati vula, ndikachikoleka pati?

Mwalephera? Musadzikande m'mutu, inenso yankho lake ndinakalimvera kukhoti. Chipewacho ndi nyumba, mutuwo ndi dothi lomwe nyumbayo yakhalapo.

Dzina langa ndine Pyo Mallye, wa kamudzi kena kuseri kwa tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Mokpo. Sukulu ndinangoinunkhiza. Ana onse a m'mudzi amanditchula azakhali, ngakhale omwe sindidziwa anawabala ndani. Pamaliro amandikhazika kutali ndi anamfedwa chifukwa ndimawaseketsa. Koma nkhani iyi, ngakhale ine mwini nthabwala ndikamaifotokoza, mano amangooneka pang'ono.

1

Nyumba yathu anaimanga ndi mlongo wanga wamng'ono, Dalsu, atabwerako ku sitima za nsomba zopita nyanja zakutali. Ine ndinalowamo chaka chotsatira ndi kachikwama kamodzi, atandipitikitsa ku ukwati chifukwa mimba yanga inali munda wa miyala. Dalsu anandichingamira pachipata, nandilanda kachikwamako.

"Achemwali, pukutani misozi. Nyumba iyi ndi yanu. Ife ndi alendo anu chabe."

Mawu amenewo ndinawameza osatafuna, ndipo anandisunga zaka makumi anayi.

Mavuto anabwera ndi Gitae, mwana mmodzi yekha wa Dalsu. Anawanyengerera bambo ake kuti apereke malo athu ngati chikole kubanki, iye akatsegule sitolo yokazinga nkhuku mumzinda wa Gwangju. Banki inatenga dothi lokha, poti nyumbayo sinalembedwepo m'mabuku a boma, monga zilili nyumba zambiri zakale kwathu kuno. Nkhukuzo zinauluka zili zokazinga kale. Gitae anazimitsa foni, n'kusowa ngati mchere m'madzi. Tsiku lomwe chikalata cha khoti chinafika, chonena kuti malo athu agulitsidwa pa okushoni, Dalsu anagwa pakhonde supuni ili m'manja. Anadzuka mbali yakumanja itafa, lilime litafanso. Liwu lomwe linamutsalira linali limodzi, "eee," ndipo ankaligwiritsa ntchito popempha madzi, potukwana ndi popemphera.

Kenaka kunayamba kubwera alendo. Amuna a majekete onyezimira, azimayi a magalasi akuda, onse mafoni m'mwamba, kujambula mpanda, denga, mpaka mitsuko yathu ya kimchi, ndiwo zamasamba zowawasa. Aliyense funso lake linali limodzi: nyumbayi ndi ya yani, ndipo inamangidwa liti?

Mlamu wanga Jeomsun, mkazi wa Dalsu, ndi munthu amene anaseka komaliza pa ukwati wake, ndiponso mwangozi. Anandikokera kukhitchini.

"Alamu, pakamwa panupo ndimapadziwa. Anthu awa musawauze kanthu, ngakhale dzina la galu wathu."

"Galuyonso ndimuuza asatchule langa."

"Sindikuseka."

"Ndaona, mlamu. Ukanaseka tikanaitana atolankhani."

Komabe ndinamvera. Wina ndinamuuza kuti nyumbayi inamera yokha mvula itagwa. Wina ndinamuuza kuti muli mzukwa wa msodzi womwe umakonda anyamata onenepa. Palibe anachoka ndi choona ngakhale chimodzi.

2

Pali chinthu chomwe mlamu sankadziwa. Lachinayi lililonse ndinkakwera basi kupita ku Mokpo, ndikumati ndikukabayitsa singano za msana. Msanawo ndinkakauwongolera kwina. Pamwamba pa msika wa nsomba pali holo yomwe nkhalamba zimavina masana, dzuwa likuswa mtengo, makatani atatseka, magetsi ofiira akuzungulira. Ukalowa umasiya ndodo pakhomo, ukamatuluka umaitenganso.

Kumeneko ndinakumana ndi a Bong Mancheol. Anali achilendo muholomo, nsapato zoyera mbuu, mafuta onunkhira mpaka pamakwerero. Akatsegula pakamwa munkatuluka nyumba zosanja za ku Seoul, magalimoto, ndi mabwana omwe amawagwadira. Amayi onse ankawaponyera maso, koma iwo anadutsa onsewo n'kudzaima pamaso panga.

"Mayi, mwendo umenewu ukuonongeka pampando."

"Ukaonongekera m'manja mwanu mulipira?"

"Ine chomwe ndagwira sichionongeka. Chimakwera mtengo."

Musandiweruze msanga. Kuyambira tsiku lomwe ndinachoka ku ukwati, mwamuna yemwe anandigwirapo m'chiuno anali dokotala yekha. Kunyumba kunali fungo la mankhwala ndi matewera a munthu wamkulu. Kuholo kunali munthu wondigulira mowa wa mpunga ndi nsomba yonunkha yomwe timaikonda kwathu kuno, n'kumandiyang'ana ngati ndine mtsikana.

Tsiku lina masana anandiimbira foni ndikuyanika tsabola kuseri kwa nyumba.

"Mallye wanga, zikundiwawa. Mkazi ngati iwe kumagona m'nyumba ya mlongo ngati wantchito?"

Anabaya pachilonda penipeni.

"Ya mlongo? Mwamva kwa yani? Dothi ndi la Dalsu, sindikana. Koma nyumba, kuyambira pachipata mpaka kuchimbudzi, ndi ya Mallye!"

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira inu mano anu akadali anuanu."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Foni ikudukaduka, wokondedwa. Tabwereza, nyumba ndi ya yani?"

Ndinabwereza. Ndinachita kuimba, ndikugwedeza chiuno pakati pa tsabola. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine wanga ndinausiya m'foni.

3

Malo anagulitsidwa. Ife sitinapiteko, tikanakatani? Tinangomva kuti anthu ambiri anaopa kuponya maenvulopu a mitengo yawo yogulira, koma kampani ina yosadziwika inaponya molimba mtima n'kutenga. Posakhalitsa kunabwera samani. Mlamu anawerenga ataimirira, kenaka anakhala pansi osayang'ana pomwe akukhala.

"Akuti mwini nyumba, Pyo Mallye, agwetse nyumba yake, achotse zinyalala, abweze dothi lili mbee."

"Eee," anatero Dalsu ali pamphasa pake. Misozi inkatsika diso limodzi lokha.

Munthu wosayenda, wosalankhula, tikanamunyamula kupita naye kuti? Lendi ya kutauni imafuna ndalama yachikole yomwe ife sitinaionepo ndi maso. Kunatsala nyumba zosungira okalamba, komwe amuna amagona kwina, akazi kwina, ndipo mlamu anali atalumbira kuti mwamuna wake sakafera m'manja mwa alendo.

Tinapita kwa loya wothandiza osauka, mtsikana wowonda dzina lake Seol, amene ankadya mpunga wake wamasana uku akuwerenga mapepala athu. Anatenga kapu n'kuiika pa mbale.

"Agogo, mbale iyi ndi dothi, kapu ndi nyumba. Ngati tsiku lopereka chikole zonse ziwiri zinali za munthu mmodzi, wogula mbale sangachotse kapu. Nyumba imakhala, inu mumangolipira kalendi ka dothi. Koma ngati mbale inali ya wina, kapu ya wina, wogula ali ndi mphamvu yoigwetsa."

"Nanga zimenezi zimalembedwa pati?"

"Palibe. Ngakhale khoti pogulitsa limangoti wogula afufuze yekha. N'chifukwa chake anthu aja ankazungulira mpanda wanu. Tsono ndiuzeni, nyumbayi ndi ya yani?"

"Yanga," ndinatero, chifuwa patsogolo.

Loya anaika timitengo take todyera pansi. "Anamanga ndani?"

"Mlongo wanga. Koma anandipatsa."

"Munalemberana?"

"Mwana iwe, pachibale amalemberana?"

"Ndiye mverani. Nyumba yosalembedwa m'mabuku ndi ya amene anaimanga. Mawu apakamwa saisuntha. Ngati anamanga ndi a Dalsu, ndi yawo mpaka lero, ndipo chimenecho ndicho chingakupulumutseni."

Ndinatembenukira kwa mlamu kuti anditsimikizire. Iye ankayang'ana khoma.

"Mlamu, unalipo tsiku lija. Unamva."

"Ndinamva. Ndine ndinamuuza kuti anene."

"Iwe?"

"Munafika maso ali gwaa, mukungoyang'ana kunyanja. Tinaopa kuti tidzakuvuulani ndi ukonde. Ndinati, auze kuti nyumba ndi yawo, munthu sathawa katundu wake. Mumaganiza kuti munthu wokhala ndi mkazi ndi mwana angapereke nyumba kwa mlongo wake?"

Ndinafunafuna nthabwala m'kamwa monse. Munalibe. Zaka zonsezo ndinkasesa bwalo lija ngati mfumukazi, kulamula pomwe pakhale mitsuko, kudzudzula mlamu akakhoma msomali pakhoma langa. Iye ankangoti chabwino alamu.

4

Tsiku la mlandu theka la mudzi linakwera nafe basi. Loya Seol anaimirira n'kunena kuti nyumba ndi ya Dalsu, ine ndine wongosungidwa. Mawu amenewo anandilowa ngati munga wa nsomba, koma ndinagwedeza mutu.

Loya wa kampani anamwetulira. "Wolemekezeka, tili ndi mawu a mayiwa eni ake."

Anadina kachipangizo. M'khoti monse munamveka kuseka kwa mkazi, kuseka kopusa, kwa munthu wokodwa. Kenaka liwu langa likuimba: nyumba ndi ya Mallye, kuyambira pachipata mpaka kuchimbudzi! Ndiye liwu la mwamuna: tabwereza, wokondedwa.

Sanadule msanga. Zinamvekanso zina zomwe ndinanena tsiku limenelo, zokhudza Lachinayi ndi zomwe ndidzavale. Pamsinkhu wanga. Pamaso pa akazi omwe ndimapemphera nawo.

Woweruza, mayi wachitsikana wa magalasi, anafunsa kuti mwamunayo ndani.

"Ndi mwini kampani, wolemekezeka. Ali pompano."

Kumbuyo kunaimirira munthu. Ndinayamba kuona nsapato zoyera.

Panja ndinawapeza akuyatsa fodya. Ndinawayandikira.

"A Bong, munandipeza bwanji?"

"Ndinakutsatirani pa basi, mayi. Anzanga onse munawauza za mizukwa, ine ndinati nkhalamba iyi ili ndi khomo lina." Anapemerera utsi kumwamba. "Musadandaule, si inu woyamba. Anthu amaopa malo okhala ndi nyumba pamwamba, ine ndi omwe ndimadya. Ndimagula motchipa, ndimagwetsa, ndimagulitsa kwa omanga nyumba za alendo. Ena amafufuza ndi mapepala, ine ndimafufuza ndi miyendo."

"M'nyumba mujamo muli munthu wodwala."

"Si ine ndinamudwalitsa. Koma kuvina mumatha, zimenezo ndisaname."

Pobwerera, mlamu anakhala mpando wakutsogolo, ine wakumbuyo. Kunyumba anandiikira mpunga pakhomo la chipinda changa monga amachitira ndi galu, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanandilankhulenso. Ndikalowa kukatembenuza Dalsu, iye ankatuluka. Dalsu yekha ndi amene ankandigwira dzanja ndi dzanja lake lamoyo, osadziwa kuti wogwiridwayo ndi amene wamugwetsera denga.

5

Loya Seol anabwera kunyumba nkhope itagwa.

"Mawu aja atipweteka. Mwini nyumba sangalankhule, akazi awo khoti liziti akuikira kumbuyo banja, amisiri omwe anamanga anamwalira. Tikufunika chinthu chosonyeza amene anamanga." Anayang'ana kudenga, komwe tinakhomako mapulanga oyera zaka zapitazo pothawa kuzizira. "Kodi pomanga munachita mwambo wokweza mtanda waukulu wa denga?"

Mlamu anayankha akuyang'ana loya, osati ine. "Tinachita. Tinapha nkhumba, amisiri analedzera masiku awiri."

"Analembapo pamtandapo?"

"Analemba mkulu wina wodziwa zilembo zakale. Zomwe analemba sindidziwa. Ine ndinali kumoto."

Inenso sindinkadziwa. Ndinakhala pansi pa mtanda umenewo zaka zambiri usanatsekedwe, koma kwa ine zilembo zija zinali mapazi a nkhuku.

"Ena amalemba tsiku lokha," anatero loya. "Ena amalembanso za mwini nyumba. Tikatsegula tokha adzati talemba ndife. Ndipempha woweruza abwere, titsegule iye akuona. Koma mudziwe, tikapeza tsiku lokha, mwina tagwa."

Dalsu anamenya pansi ndi chikhatho. "Eee! Eee!"

Palibe anadziwa ngati akuti tsegulani kapena musayerekeze.

6

Woweruza anabwera m'mawa wozizira, navula nsapato pakhonde monga mwana woleredwa bwino. Mudzi wonse unadzaza pabwalo, mitu ili m'mawindo. A Bong anafika ndi loya wawo, akuloza uku ndi uku pomwe adzaimike makina ogwetsera. Dalsu anakana kutulutsidwa. Anagona pakati pa chipinda, maso kudenga.

Kalipentala anazula pulanga loyamba, lachiwiri, lachitatu. Fumbi linagwa ngati ufa. Kenaka mtanda unaoneka, wakuda ndi utsi, nsomba youma ija amamangirira pamwambo ikadali lende pa ulusi wake. Pamimba pa mtandawo panali mzere wautali wa zilembo.

Woweruza anakweza magalasi, natsinzinira. "Zilembo zakalezi ine ndimangodziwa zochepa. Tijambule, tikafunse katswiri."

"Katswiri wa chiyani ine ndili pano?" anatero a Bong. "Ana a masiku ano sukulu yanu ndi ya mafoni. Ine zilembo izi ndinayamwira. Tandigwirirani makwerero!"

Loya wawo anayesa kuwaletsa, koma anali atakwera kale. Anapukuta mtanda ndi mpango, nayamba kuwerenga mokweza ngati mlaliki. Anatchula chaka, mwezi ndi tsiku lomwe mtanda unakwezedwa. Kwathu kuno chaka chilichonse chili ndi dzina la nyama, ndipo munthu amadziwika ndi nyama ya chaka chomwe anabadwa. Kenaka anaima, nkhope yonse n'kuwala.

"Mwini nyumba, wobadwa chaka cha Hatchi! Mwamva? Wolemekezeka, lembani! Mlandu watha! Mallye ndi wa Hatchi!"

Loya wawo anawakoka mwendo wa buluku. "Bwana, tsikani kaye."

"Ndisiye iwe! Anandiuza yekha tsiku loyamba. Mpaka ndinapita naye kwa woombeza kukaona ngati zaka zathu zikugwirizana. Hatchi yeniyeni, yamakani! Ine mkazi sangandibisire kanthu."

Kenaka pawindo panamveka liwu la nkhalamba ina yomwe tinakulira limodzi.

"Hatchi? Mallye? Ameneyu ndi Galu, bambo! Tinabadwa chaka chimodzi, ine ndi iye, mano tinagulanso kwa dokotala mmodzi!"

Owerenga, ndi ichi chomwe ndinakubisirani. Tsiku lomwe a Bong anandifunsa zaka muholo muja, ndinaona kuti zanga zachuluka. Ndinabwereka chaka cha mlongo wanga monga ndinkabwerekera jekete lake, n'kudzichotsera zaka zisanu ndi zitatu pompo. Zaka zanga zenizeni zinali pamapepala a mlandu, m'chikwama cha loya wawo. Koma munthu wofufuza ndi miyendo awerengerenji mapepala?

Pansi, Dalsu anakweza dzanja lake lamoyo. Analoza mtanda, kenaka anadzimenya pachifuwa. Kawiri, katatu.

"Eee. Eee!"

Woweruza anayang'ana chiphaso cha Dalsu, nayang'ana changa, nalemba.

7

A Bong tiwasiye kaye pamakwerero pomwepo, sathawa. Ndikuuzeni zotsatira, chifukwa sizokoma monga mukuganizira.

Khoti linati nyumba isagwetsedwe. Koma dothi la makolo athu linapita, ndipo mwezi uliwonse timalipira lendi kwa munthu amene anandivinitsa. Tikadzalephera kwa nthawi yaitali, ufulu woti nyumba ikhale udzatha, makina adzabwera. Dalsu anamwalira chisanu chomwecho, pansi pa mtanda wake, womwe sitinautsekenso. Gitae sanabwere kumaliro, koma nyumbayi tsopano ndi ya iye ndi mayi ake. Ine ndimagona m'chipinda chomwe ndinkati changa, mwa chifundo cha mkazi amene ndinamuchititsa manyazi. Chinandipulumutsa n'chakuti ndilibe kanthu, ndipo sindinakhalepo nako.

Loya Seol akuti ophunzira akukangana zosintha lamulo limeneli. Ena akuti khoti lizinena poyera lisanagulitse ngati nyumba ikhala kapena igwa. Ena akuti dothi ndi nyumba zizigulitsidwa pamodzi. Ine za malamulo sindidziwa, koma ndikuti fulumirani. Chinthu chikakhala chosalembedwa paliponse, anthu amakachifufuza m'mitima ya nkhalamba zosungulumwa, ndipo kumeneko salowa atavula nsapato. Inunso amene mukukhala m'nyumba yomwe munapatsidwa ndi pakamwa, kondani wokupatsaniyo, koma mufunse akadali ndi lilime.

Tsono tibwerere kwa bwana wathu. Anali akadali m'mwamba, mpango m'manja, fumbi m'tsitsi, nsomba youma ikuwagunda pakhutu. Pabwalo anthu anali atayamba kugwirana mapewa. Woweruza anabisa pakamwa ndi faelo.

"Ndinadziwa kale," anatero a Bong, liwu litachepa. "Ndimangofuna kuwayesa."

Apo mlamu wanga Jeomsun anapita n'kukagwira makwerero ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Tsikani bwino, bambo," anatero. "Mungagwere pa dothi lanu."

Mudzi wonse unaphulika, mpaka galu anauwa. Ndipo mlamu, mayi uja wosaseka, anaseka mpaka makwerero anayamba kugwedezeka, a Bong ali pamwamba akukuwa kuti wina amugwire mayiyu.